Msonkho wa pa Bodala Suchokera M'mutu mwa Ofisala

Ntchito yanga ndi yoombolera anthu katundu pa chipata cha Mchinji. Ambiri amatitcha maejenti, ndipo akakwiya amatitcha mayina ena omwe nyuzipepala singasindikize. Funso lomwe ndimalimva kawirikawiri kwa amayi a geni akamachokera ku Chipata ndi lakuti, "Achimwene, lero akutchaja zingati?" Amafunsa ngati kuti msonkho ndi mtengo wa tomato pa Kamwendo, womwe umadzuka wina m'mawa n'kukagona wina madzulo.

Sizili choncho. Ofisala wa kasitomu alibe mphamvu yoika msonkho, ngakhale atavala yunifolomu yowala bwanji. Gawo 171 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kutolera msonkho uliwonse womwe lamulo silinavomereze. Oika milingo ndi aphungu ku Nyumba ya Malamulo, nduna ya zachuma ikapereka bajeti. Bungwe la MRA, lomwe linayamba ntchito mu 2000, gawo lake ndi kutolera basi. Choncho ndalama yomwe mukuuzidwa pa windo ija ili ndi masamu ake, ndipo masamuwo munthu angathe kuwawerengera ali kunyumba asanakwere n'komwe minibasi.

Masamuwo amayamba ndi kudziwa kuti katunduyo ndi chiyani. Chinthu chilichonse chogulitsidwa pa dziko lapansi chili ndi nambala yake m'buku lomwe amasunga a World Customs Organization ku Brussels, ndipo nambalayo ndiyo imanena mlingo wa msonkho. Kuno kwathu zipangizo zopangira zinthu zimalipira pang'ono kapena osalipira konse, pomwe katundu wotha kale kupangidwa, monga zovala ndi nsapato, nthawi zambiri amalipira 25 peresenti. Kenako pamabwera mtengo wake. Apa ndi pomwe mikangano imabukira, chifukwa a kasitomu sawerengera ndalama yogulira yokha, amaphatikizapo ya mayendedwe ndi inshuwalansi mpaka katunduyo kufika pa malire. Mukabwera opanda risiti ya kogula, ofisala amayang'ana mitengo ya katundu wofanana naye yemwe anadutsapo kale, ndipo kawirikawiri mtengo umenewo sukukomerani.

Koma chomwe chimadyetsa anthu ndalama kwambiri pa Mchinji ndi funso lakuti katunduyo anapangidwira kuti. Kogula n'kwina, kopangidwira n'kwinanso. Malawi ndi Zambia onse ali mu COMESA, bungwe lomwe likulu lake lili ku Lusaka, ndipo kuyambira Okutobala 2000 mayiko awiriwa salipiritsana msonkho wolowetsera katundu wopangidwa m'dziko la mnzake. Sopo wa Boom wopangidwa ku Lusaka ndi katundu wa ku Zambia. Nsapato zopangidwa ku China, ngakhale mwazigula m'shopu ya pakati pa tauni ya Chipata, ndi za ku China ndithu. Kuti chinthu chitchedwe cha ku Zambia chiyenera kukhala cholimidwa kapena chokumbidwa konko, apo ayi fakitale ya konko ikhale itachigwirira ntchito yokwanira. Umodzi mwa miyeso ya COMESA ndi wakuti ntchitoyo ikwane 35 peresenti ya ndalama zonse zopangira chinthucho. Kungosintha katoni sikuwerengedwa.

Tiyeni tiyerekeze. Amayi awiri afika ndi katundu wa K1,000,000 aliyense. Woyamba wanyamula nsapato za ku China. Msonkho wolowetsera pa 25 peresenti ndi K250,000. Pamwamba pake pamabwera VAT, ndipo chomwe ambiri sadziwa n'chakuti VAT imawerengedwa pa mtengo wa katundu kuphatikiza msonkho woyamba uja, kutanthauza pa K1,250,000. Tikatenga mlingo wa 16.5 peresenti womwe tinauzolowera kwa zaka zambiri, ikukwana K206,250. Zonse pamodzi K456,250. Wachiwiri wanyamula katundu wopangidwa ku Zambia ndipo ali ndi chikalata chotsimikizira zimenezo. Msonkho wolowetsera palibe, VAT yokha K165,000. Ndasiya dala ekisaizi, yomwe imakhudza zinthu monga mowa, fodya ndi magalimoto, komanso timalipiro tina ta pa mapepala. Kusiyana kwa amayi awiriwa ndi K291,250. Ndaonapo wamalonda akulipira ngati mayi woyamba uja pomwe katundu wake anali wa mtundu wachiwiri, chifukwa chabe panalibe womuuza za pepala limodzi. Safunsa anadya phula, inde, koma amene akudziwa n'kukhala chete nayenso ali ndi mlandu.

Kwa ochita malonda ang'onoang'ono pali njira yachidule yomwe Malawi ndi Zambia anayamba kugwiritsa ntchito mu 2010, yodziwika kuti STR. Malire omwe mayiko a COMESA anagwirizana ndi katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America paulendo umodzi, ndipo katunduyo akhale pa mndandanda womwe mayiko awiriwa anavomerezana. Zikatero sipafunika fomu yaitali ya kasitomu ya Form 12, sipafunikanso munthu ngati ine. Mumalemba fomu yaifupi pa bodala pomwepo, ndipo pali desiki ya mlangizi wa amalonda yemwe ntchito yake ndi kukuthandizani kulemba. Ndikudziwa kuti polemba izi ndikudzichotsera makasitomala, koma ejenti wodyera pa umbuli wa mayi wa makatoni asanu a sopo ndi wakuba chabe wovala tayi.

Nanga bwanji anthu akudutsabe zalewa, njira zakutchire zija? Imani chakumadzulo m'midzi ya m'malire cha ku Mkanda muone. Njinga yamoto yamangidwa matumba kumbuyo, ena pathanki, woyendetsa wakhala chopendekera, nyali wazimitsa. Mwini katundu wakwera ina pambuyo, mtima uli m'mwamba. Alipira wakabaza mtengo wa usiku, alipira mnyamata woonetsa njira, asiya ya fanta pena pake pamsewu, ndipo akakumana ndi gulu la MRA lolimbana ndi ozembetsa katundu la FAST, katundu yense wapita, chindapusa pamwamba. Amayi ena akumana ndi zoopsa m'njira zimenezi zomwe sangakanene kupolisi, poti iwonso amaopa kumangidwa. Mukawerengera bwino, nthawi zambiri ndalama yomwe yatayika m'tchire imaposa yomwe ikanalipidwa pa windo. Komabe sindiwaweruza msanga. Ena amathawa mizere, ena anachitidwapo chipongwe ndi ofisala, ena katundu wawo ndi woletsedwa kutuluka popanda chilolezo, monga zimachitikira ndi chimanga ndi soya boma likatseka chipata mwadzidzidzi. Lamulo losintha mlimi atakolola kale limadzaza njira za zalewa kuposa umbava.

Mizere yokha inachepako. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia panthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chomangidwa ndi ndalama za African Development Bank. Tsopano munthu amaima kamodzi, m'dziko lomwe akulowa, ndipo maofisala a mayiko onse awiri amakhala denga limodzi.

Tsopano za risiti. Mukalipira mwalamulo, katundu wanu amalowa mu kompyuta ya ASYCUDA, ndipo ndalamayo imapita ku thumba lalikulu la boma ku Reserve Bank, lomwe ambiri amalidziwa kuti Account Number One. Kuchoka m'menemo ndalama siyenera kutuluka popanda chilolezo cha aphungu. Ndalama yopanda risiti ilibe ulendo umenewu, imathera m'thumba la buluku. Wina akakuuzani kuti "tingokambirana, mayi," dziwani kuti katundu wanu sanaomboledwe, ndipo pa rodibuloko yotsatira mukambirananso.

Apa wamalonda wochenjera amandiyankha kuti, "Nanga za Cashgate mwaiwala?" Sindinaiwale. Mu 2013 ndalama zinatuluka m'thumba lomwelo kudzera mu kompyuta za boma za IFMIS kulipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza anapeza poyamba K13 biliyoni, kenako chiwerengero chinafika pa K24 biliyoni, ndipo mayiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti. Amene amalipira msonkho ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma taonani kuti kubako kunadziwika chifukwa ndalamazo zinali zolembedwa: panali macheke, panali mayina, ndipo anthu anamangidwa. Ya fanta yoperekedwa kuseri kwa lole palibe Auditor General amene angaitsate. Wokhala ndi risiti ndi amene angaime pa msonkhano wa phungu n'kufunsa chifukwa chake pa chipatala cha boma la Mchinji mankhwala akusowa. Ndipo kuyambira Seputembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito, ngakhale ambiri sitinalizolowere.

Pali dziko lina laling'ono mu COMESA momwemu lomwe ndimakonda kulitchula, chilumba cha Mauritius, cha anthu pafupifupi 1.3 miliyoni. Pomwe ankalandira ufulu mu 1968 ankadalira nzimbe monga ife tidalira fodya. Lero sukulu za boma ndi zipatala n'zaulere, nkhalamba iliyonse imalandira penshoni, ndipo ana a sukulu amakwera basi osalipira. Munthu wa kumeneko akamalipira msonkho amaona komwe wapita. Koma chilumba chomwechi chili ndi nkhope ina. Misonkho yake ya makampani ndi yotsika, ndipo makampani ambiri ochita malonda mu Africa amalembetsa ofesi kumeneko kuti phindu lizionekera konko. Kampani ya kuno imalipira "mlongo wake" wa pachilumba ndalama za upangiri kapena chiwongoladzanja, phindu la kuno n'kuchepa papepala, msonkho nawo n'kuchepa. Anzathu a ku Zambia anaona kuti akuluza, ndipo mu 2020 anathetsa pangano lawo la misonkho ndi Mauritius.

Ifenso tinalawako zotere. Bungwe la ActionAid linalemba mu lipoti la 2015 kuti pa mgodi wa Kayelekera ku Karonga dziko lino linataya madola pafupifupi 43 miliyoni m'zaka 6, kudzera m'misonkho yomwe boma linakhululukira kampani ya Paladin komanso ndalama zomwe zinkadutsira ku Netherlands. Panalibe njinga yozimitsa nyali pamenepo. Zambiri zinali zololedwa ndi mapangano omwe boma lathu linasayinira lokha. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona mphamvu zonse zikuthera pa mayi wa matumba awiri a shuga, pomwe mapangano okhululukira misonkho makampani akuluakulu sakambidwa poyera. Onse awiri alipire, koma tiyambe ndi komwe kukutayika zambiri.

Kwa inu amalonda anzanga: sungani risiti ya kogula, funsani ngati katundu wanu ali pa mndandanda wa STR musanagule, ndipo ofisala akakutchulirani ndalama mupempheni mwaulemu akuonetseni nambala ya katunduyo, mtengo womwe wawerengera ndi mlingo wake. Ngati simukugwirizana nazo, muli ndi ufulu wokaonana ndi mkulu wa pa siteshoni. Kwa akuluakulu a MRA ndi a unduna wa zamalonda, pempho langa ndi laling'ono: mndandanda wa STR ndi milingo ya katundu yemwe amadutsa kwambiri pano zilembedwe m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, zikhomedwe pakhoma la chipata cha Mchinji ndi m'misika ya Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda. Ndipo a nduna ya zachuma, pomwe mukuzungulira kumva maganizo a anthu bajeti isanalembedwe, msonkhano umodzi mudzachititse kuno ku Mchinji, amayi a geni adzayankhule okha.