Criminology yandiphunzitsa kuti umphawi si mlandu

Ndikauza anthu kuti ku koleji ndikuphunzira criminology, ambiri amati, "Ndiye kuti udzakhala wapolisi?" Ena amaganiza za m'mafilimu, zojambula zala ndi kusaka zigawenga. Zoona zake n'zakuti phunziroli limafunsa mafunso atatu: n'chifukwa chiyani anthu amapalamula, ndani amene amamangidwa, nanga chilango chimasintha munthu?

Funso lachiwirilo ndi limene limandisowetsa tulo. Tengani nkhani ya vakabu. Lamuloli linabwera ndi atsamunda, ndipo gwero lake ndi lamulo la ku England la mu 1824. Linkalola apolisi kugwira munthu pongomuganizira kuti akufuna kuchita zoipa. Koma tangoganizani: amayenda wapansi usiku ndi ndani? Si bwana wa galimoto ayi. Ndi venda, mlonda, mayi wopita kukapikula tomato.

Mu March 2015, Mayeso Gwanda, venda wa majumbo, anagwidwa m'bandakucha ku Blantyre akupita ku geni yake. Anakadandaula kukhoti, ndipo pa 10 January 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu December 2020, khoti la Africa loona za ufulu wa anthu ku Arusha linanenanso kuti malamulo a mtundu umenewu amaphwanya ufulu wa osauka.

Apa ndi pamene criminology imakumana ndi chilungamo cha pakati pa anthu. Wosauka akagwidwa pa mlandu waung'ono, alibe loya, alibe womusainira belo. Amakhala pa rimandi, geni n'kugwa, ana n'kusiya sukulu. Mlandu ndi wa mmodzi, koma wolangidwa ndi banja lonse.

Sindikuikira kumbuyo akuba. Wobedwa naye amafunika chilungamo, ndipo timaphunziranso za mabala ake. Koma ndende yodzaza ndi anthu a milandu ing'onoing'ono sibweza foni yanu yobedwa.

Ntchito zake zilipo: kupolisi, kundende, ku Social Welfare, kapena m'mabungwe ngati PASI, omwe amathandiza osungidwa pa rimandi kuti milandu yawo imvedwe.

Ngakhale musaphunzire zimenezi, sungani ichi: gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati munthu womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Uzaninso abale anu.