Winchi Ikakana Kukoka, Yambirani pa Batire

Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale misewu ya m'maesiteti imasanduka matope, pamene feteleza ndi nkhuni zochizira fodya ziyenera kufika ndithu. Galimoto likatitimira, winchi yamagetsi yomangidwa kutsogolo ndiyo imalitulutsa. Vuto ndi lakuti makinawa amakhala chilimwe chonse osagwiritsidwa ntchito, ndipo tsiku lowafuna amangolira kuti "ka! ka!" osatembenuka.

Alimi ambiri akamva kulira kotere amati mota yapsa, nayamba kufunsa mtengo wa yatsopano. Kawirikawiri mota imakhala ilibe mlandu. Winchi ya mavoti 12 ikamakoka katundu wolemera imatha kudya ma amp 300 mpaka 400. Choncho kadzimbiri kochepa pa mutu wa batire, kamene sikaletsa nyali kuyaka, kamakwanira kuyifooketsa.

Yambani ndi kuyeza batire ndi mita. Yodzaza bwino imasonyeza mavoti 12.6 injini ili chozima. Ikatsika kufika pa 12.0 ndiye kuti yafooka. Mukatero chotsani waya wa (-) poyamba, kenaka wa (+), ndi kutsuka mitu yonse ndi madzi osungunuliramo soda. Palani ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, pakani girizi pang'ono. Musaiwale waya wakuda umene amakaniko amautcha earth. Uyenera kuchoka pa mota kukafika pa batire penipeni, osati pa bawuti ya dzimbiri ya pa bampala. Apa ndi pamene pamabisala matenda ambiri.

Ngati winchi ikuzungulira mbali imodzi yokha, kayikirani solenoid, kabokosi kamene kamatsegula ndi kutseka magetsi aakulu. Ikakhala chete osalira n'komwe, onani chingwe cha choyatsira cha m'manja, chifukwa chimaduka m'kati chikapanidwa ndi chitseko. Mota ikamalira bwino koma chingwe osayenda, kachitsulo kolowetsera giya sikanalowe.

Zonsezi zikakhala bwino ndi pamene mungatsegule mota, batire mutalumula. Mukapeza madzi, yanikani. Mabulashi akatha kapena akakanirira, asintheni. Koma mukamva fungo la waya wopserera, imeneyo ndi ntchito ya amakaniko a zamagetsi.

Pokoka, injini izilira kuti batire isathe. Kokani pang'onopang'ono ndi kupumira. Mota ikatentha moti simungayigwire, idikireni izizire. Winchi imakhala ndi mphamvu zambiri chingwe chikatambasulidwa chambiri, komabe siyani mizere 5 yokulungika pa mpukutu wake. Valani magolovesi, ndipo ponyani thumba lonyowa pakati pa chingwe kuti chikaduka chigwe pansi. Matenanti ndi ana odzaonerera aime patali, chifukwa chingwe chachitsulo chikaduka chimatha kuthyola mwendo wa munthu.

Kamodzi pa mwezi, ngakhale m'chilimwe, tambasulani chingwe mamita angapo ndi kuchikulunganso ndi mota. Kutentha kwake kumaumitsa chinyontho cha m'kati.