Nsangalabwi ikawala, mwana waphunzira sayansi

Ana athu kuno kwa Chitukula amatola miyala tsiku ndi tsiku. Atsikana amasewera nayo phada, anyamata amaiika pa legeni. Mwala womwewo, mwana akaphunzira kuuwalitsa, umamuphunzitsa zomwe ife aphunzitsi timavutika kufotokoza ndi choko chokha m'sukulu zopanda labotale.

Mwana aliyense amadziwa kuti mwala wa kumtsinje umawala ukanyowa, koma ukauma umatuwa. Chifukwa chake n'chakuti pamwamba pa mwala pali timaenje ndi timikwingwirima tosaoneka ndi maso, tomwe timamwaza kuwala. Madzi amadzaza timaenjeti, ndiye kuwala kumabwerera mbali imodzi. Kuwalitsa mwala ndi kuchotsa timaenjeto, kapena kutidzaza ndi chinthu chosauma msanga. Agogo athu aakazi ankachita zofanana akamakulunga mbiya ndi nkhulungo.

Choyamba mwana asankhe mwala wosalala kale, wokwana m'dzanja, autsuke ndi sopo ndi mswachi wakale. Kenako aukhule pa sandipepa yosaopa madzi, kuyamba ndi yokhakhala ya nambala 80, kubwera ya 220, 400 mpaka 600. Wopanda sandipepa ayambe pa mwala wonolera mipeni. Pomaliza apake kadontho ka Vaseline kapena phula la kandulo, n'kupukuta kwambiri ndi kansalu. Si ntchito ya tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwanayo adzazindikira yekha kuti miyala ina imasalala msanga pomwe nsangalabwi yoyera imakana. Apo ndi pomwe mphunzitsi amuuze za Friedrich Mohs, katswiri wa ku Germany yemwe mu 1812 adasanja kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10. Chikhadabo chili pa 2.5, nsangalabwi pa 7, dayamondi pa 10. N'chifukwa chake nsangalabwi imakanda botolo koma chikhadabo sichiikanda.

Makolo, pali zofunika kusamala. Mwala uzikhulidwa uli wonyowa nthawi zonse, chifukwa fumbi la nsangalabwi limawononga mapapo. Ana asaswe miyala ndi hamala, kachidutswa kangathe kuboola diso. Asapite kumtsinje okha nyengo ya dzinja, ndipo timiyala ting'onoting'ono tisasiyidwe pomwe pali khanda lokwawa.

Wina anganene kuti awa ndi masewera chabe. Koma taonani zomwe zili pansi pa nthaka yathu. Phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu lili ndi miyala ya ruby ndi sapphire, ku Mzimba amakumba aquamarine, ndipo ku Kasiya, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idapeza rutile ndi graphite wochuluka. Kawirikawiri wodziwa dzina ndi mtengo wa mwala amakhala wogula wochokera kutali, ndipo mwini dimba amangolandira zomwe wapatsidwa.

Sikuti mwana aliyense wowalitsa nsangalabwi adzakhala katswiri wa miyala. Koma yemwe wazolowera kufunsa kuti mwala uwu ndi wanji, walimba bwanji, wachokera kuti, sadzanamizidwa msanga akadzakula. Aphunzitsi anzanga, teremu ino patulani kashelefu kumbuyo kwa kalasi, mwana aliyense aikepo mwala wake, pambali pake kapepala kolembapo pomwe adautola ndi zomwe ukutha kukanda.