Kilimanjaro, Phiri Lovala Nduwira Yoyera

Pamene Johannes Rebmann anasimba kuti mu 1848 anaona chipale chofewa paphiri la m'dziko lotentha, anzeru ena a ku Ulaya anamuyesa wabodza. Koma mu 1889 Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller anaponda pansonga pake, mamita 5,895 kutalika.

Phirili, limene Tanzania analipatula mu 1973 kuti litetezedwe, lisunga njovu, akambuku ndi nchima. Ndipo wokwera njira ya Marangu, atapyola nthochi ndi khofi za Achagga, nalowa m'mitengo yolendewera ndere, aphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti mpweya uchepa pokwera.

Tsoka ilo, mwa madzi oundana amene anakuta nsongayo mu 1912, otsala sakwana limodzi la magawo asanu. Kodi adzukulu athu adzaiona nduwirayo?