Chifukwa Chake Mtengo wa Minibasi Sukhazikika

Ife amene timachokera ku Bangwe, ku Ndirande kapena ku Machinjiri timakumana m'mamawa ndi chigulu cha anthu oyenda pansi, akuthamangira ku ntchito ku Limbe, ku Makata ndi ku Ginnery Corner. Bambo anga ndi mmodzi wa iwo. Amati akakwera minibasi popita ndi pobwera mwezi wathunthu, ndalama ya ufa siikwana. Tsono tiyeni tione chimene chimakweza mtengo wa ulendo waufupi chotere.

Choyamba ndi kamangidwe ka mzinda wathu. Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri, ndipo anawaphatikiza m'chaka cha 1956. Mpaka lero minibasi zambiri zimathera mu Limbe kapena mu Blantyre. Motero munthu wa ku Bangwe wogwira ntchito mu Blantyre amatsika mu Limbe, nakwera ina yodzera msewu wa Chipembere. Amalipira kawiri asanagwire ntchito ndi pang'ono pomwe.

Koma nkhani yaikulu ili pa mafuta. Dziko lathu silikumba mafuta, ndiponso lilibe doko la kunyanja yamchere. Petulo ndi dizilo amabwera kudzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo eni ake salandira kwacha, amafuna madola. Madolawo timawapeza makamaka pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga kunja. Akachepa, kwacha imafooka. Mu November 2023 Banki Yaikulu inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo pasanathe sabata bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Matayala, zipangizo, ngakhale minibasi yomweyo imene inayamba yayendapo ku Japan, zonse zimagulidwa ndi madola.

Ambiri a ife timakalipira kondakitala, koma ine ndiganiza kuti timamulakwira. Iye ndi dalaivala ayenera kupereka kwa mwini galimoto ndalama yopangana madzulo aliwonse, atagula kale mafuta, atapatsanso oitanira zawo. Nchifukwa chake masana, pamene okwera ali ochepa, amakuchondererani ndi mtengo wotsika, koma dzuwa likapendeka, makamaka mvula ikagwa, mtengo womwewo umakwera muli chiimire pa siteji.

Agogo anga amasimba za mabasi aakulu a UTM, amene pambuyo pake anakhala a Stagecoach, kenaka a Shire Bus Lines. Munthu ankalandira tikiti yolembedwa mtengo, ndipo ankadziwiratu ndalama yosunga ya mwezi wonse. Amavomera kuti nthawi zina ankadikira basi mpaka miyendo kuwawa. Mabasi amenewo anatha, ndipo wantchito anatsala m'manja mwa minibasi ndi njinga za kabaza.

Malipiro a bambo anga amakwera kamodzi pachaka, mwinanso osakwera konse. Choncho amadzuka tambala woyamba atangolira, ndipo ndalama imene akadakwerera amandipatsa ine kuti ndisachedwe ku sukulu.