Kukuza chithunzi cha m'mwamba: n'chifukwa chiyani mudzi suoneka?

Mphunzitsi akatsegula Google Earth kuti aonetse ana a ku Marávia dera lawo, zikuluzikulu zimaoneka msanga: nyanja ya Cahora Bassa kummwera, malire a Zambia kumpoto, tauni ya Fingoé. Vuto limayamba ana akafuna kuona mudzi wawo. Amatambasula zala pafoni mobwerezabwereza mpaka chithunzi chimangoti mbuu.

Chithunzi cha setilaiti chimapangidwa ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse kamaimira kachigawo ka nthaka. Pa zithunzi za Sentinel-2, setilaiti imene inayamba ntchito mu 2015, kadontho kamodzi ndi mamita 10 mbali zonse. Bwalo la mpira limatenga timadontho pafupifupi 10 m'litali, pamene nkhokwe siidzaza ngakhale kamodzi. WorldView-3 imafika pa masentimita pafupifupi 30. Apo denga la malata limaoneka bwino, ngakhale kuti la udzu limabisalabe chifukwa m'chilimwe limafanana ndi nthaka.

Kukuzako kulinso pawiri. Chida cha Windows chimene m'Chipwitikizi chimatchedwa Lupa chimangokulitsa zimene zili kale pakompyuta. Chimathandiza mwana wosaona bwino, ndipo chikaikidwa kuti chizikuza kamalo kamodzi kokha, mtsinje ndi msewu zimakhalabe poonekera, choncho mwana sasochera. Koma sichibweretsa chatsopano. Batani la + pamapu ndi lina: limakoka pa intaneti chithunzi chooneka bwino kuposa choyamba, ngati chilipo. Netiweki ikafooka chithunzicho chimachedwa, ndipo ana amaganiza kuti alakwitsa.

Apa chinenero cha ana chili ndi mwayi. Chinyanja chinalowa m'kalasi ku Tete pa kafukufuku wa PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo chili ndi mawu awiri amene ana amawasiyanitsa kale: kukuza ndi kuyandikira. Lupa imakuza, batani la mapu limayandikira, koma lili ndi polekezera. Ndi bwino kuti ana ayambe akambirana kusiyanaku m'chinenero chawo, mawu a Chipwitikizi akuti ampliar ndi aproximar abwere pambuyo.

Asanafunefune nyumba yawo, ana awerenge kamzere koonetsa mtunda ndi deti la chithunzi m'munsimu. Mwina chithunzicho chinajambulidwa nyumbayo isanamangidwe.