Za Kugula Ngolo Yonyamulira Thirakitala

Mwezi wa October wafika, dzuwa lakula, ndipo m'midzi monse anthu alinkuyang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba. Ino ndiyo nyengo imene eni thirakitala sagona tulo, pakuti munthu aliyense afuna kuti munda wache ulimidwe mvula isanagwe. Tsono mwezi uno tifuna kukuuzani zimene tinaona ndi maso athu pamene amuna a kwathu anafuna kugula ngolo yao yoyamba yonyamulira thirakitala. Pakuti anatsala pang'ono kutaya chuma cha mabanja ambiri, kapenanso moyo wa munthu.

Mabanja amenewa anasonkha ndalama zaka zingapo, nagula thirakitala yakale ya Massey Ferguson 135, mtundu uja unapangidwa kuyambira 1964 kufikira 1975, umene alimi aukonda chifukwa cha kulimba kwache. Anali kulimira anthu ena ndi kulandira malipiro. Koma minda ya owaitana inali yotalikirana: ina kumtunda ku Dedza, ina kunsi ku chigwa cha Golomoti. Thirakitala siinapangidwire ulendo: iyenda pang'onopang'ono, imwa mafuta ambiri, ndipo phula la mumseu lidya mano a matayala ache, amene mtengo wache ngwoopsa. Chifukwa chache anapangana kugula ngolo yoti azikwezapo thirakitalayo, ndi kuikoka ndi galimoto ya mmodzi wa iwo.

Anaipeza m'tauni, yopakidwa utoto watsopano, ya mtengo wotsika, ndipo pa kachitsulo kache panalembedwa kuti makilogalamu 2,000. Onse anakondwa nati, "Thirakitala yathu ilemera ngati 1,500, malo otsala alipo." Koma mkulu wina, amene anayendetsa malole zaka zambiri, anati, "Ana anga, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Musatulutse ndalama tisanawerenge." Tinakhala pansi ndi pepala ndi pensulo, ndipo zimene anatiphunzitsa tsiku lija ndi izi.

Choyamba, nambala ya pa kachitsulo kawirikawiri inena kulemera konse pamodzi, ndiko kuti ngolo yeniyeniyo ndi katundu wache. Ngolo yachitsulo yokwanira thirakitala ingalemere makilogalamu 700 iri yopanda kanthu; mukachotsa 700 pa 2,000, patsala 1,300 basi. Ndiponso thirakitala siikwera yokha. Pulawo ya mbale zitatu ingapitirire makilogalamu 300. Alimi ambiri athira madzi m'matayala a kumbuyo kuti asamaterereke polima. Tayala limodzi lilowa malita opitirira 100, ndipo lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Tsono phatikizani: thirakitala 1,500, madzi 200, pulawo 300, ngolo 700. Zonse zikwana 2,700, tisanawerengere mafuta ndi maunyolo. Ngolo yokongola ija ikadasenza makilogalamu 700 opitirira mphamvu yache. Wofuna kudziwa zoona asakhulupirire maso ache, koma apite ndi thirakitala pa sikelo yoyesera magalimoto, iri ndi zida zache zonse.

Chachiwiri, musafunse kokha ngati galimoto ingathe kukoka. Funsani ngati ingathe kuimitsa. Kukoka nkwapafupi, pakuti ngakhale ng'ombe ziwiri zisuntha katundu wolemera pamalo osalala. Koma aliyense amene anatsikapo mseu wa Khwekhwerere, wochokera kumtunda kunka ku Golomoti, adziwa kukhota ndi kutsetsereka kwache. Pamenepo ngolo yopanda mabuleki ikankha galimoto kumbuyo, mabuleki a galimoto natentha, nasiya kugwira. Chifukwa chache m'maiko monga Britain lamulo likuti ngolo yopitirira makilogalamu 750 ikhale ndi mabuleki ache. Ndipo ku South Africa chiphaso wamba choyendetsera galimoto yaing'ono sichilola kukoka ngolo yoposa muyeso womwewo. Ngolo zambiri ziri ndi mabuleki ogwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo itsamira pa chokolowekera, ndipo kutsamirako kumanga mabuleki a magudumu ache. Magalimoto amphamvu monga Land Cruiser ndi Land Rover Defender aloledwa kukoka kufikira makilogalamu 3,500 ngati ngolo iri ndi mabuleki, koma ena ambiri muyeso wao ngwochepa. Werengani buku la galimoto yanu, ndipo funsani a ofesi yoona za pamseu za chiphaso ndi kalembera wa ngolo. Paja safunsa adadya phula. Thirakitala ikakhala yaikulu, yofika matani 3 ndi zida zache, imeneyo njofunika lole.

Chachitatu, gwadani muyang'ane kunsi, kumene utoto sunafike. Ngolo ya katundu wotere ikhale ya mitanda iwiri ya magudumu, ndiko kuti matayala anai, kuti limodzi likaphulika ena agwirizize. Onani ngati pali ming'alu pamene anawotcherera zitsulo, makamaka pafupi ndi chokolowekera. Kwezani gudumu lirilonse ndi jeke, mulizungulitse ndi kuligwedeza. Likamalira kapena kugwedera, m'kati mwatha. Matayala anena okha msinkhu wao: pambali pali manambala anai, awiri oyamba ndiwo sabata, awiri otsiriza ndiwo chaka; mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba lingakhale ndi mano onse, koma lafooka ndi dzuwa. Yesaninso ndi chingwe utali wa thirakitala pamodzi ndi pulawo, kuti pulawoyo isalendewere kunja.

Chachinai, kukweza kuli ndi mwambo wache. Imikani pamalo osalala, ngolo iri yokolowekedwa ku galimoto, ndipo ikani miyala ku magudumu ndi zipika kunsi kwa matako a ngolo, kuti thirakitala ikayamba kukwera isatukule galimoto. Thirakitala iri ndi zopondera mabuleki ziwiri, cha kumanja ndi cha kumanzere. Zilumikizeni, chifukwa kuponda chimodzi kuipotolera pambali, nigwa ndi woyendetsa yemwe. Kwerani ndi giya yoyamba, ana ali patali. Kulemera kukhale patsogolo pang'ono pa magudumu a ngolo, kuti mphuno yache itsamire pa galimoto. Katundu akachuluka kumbuyo, ngolo iyamba kuvina uku ndi uku pamseu, ndipo woyendetsa sangathe kuiweruza. Tsitsani pulawo igone pansi, mangani buleki, ndipo mangani maunyolo anai ku ngondya zinai, pa zitsulo zolimba za thirakitala. Zingwe za mlulu kapena mphira za machubu sizimanga matani awiri. Mukayenda makilomita owerengeka, imani mukungenso, pakuti maunyolo akhwefuka ndi mabampu.

Amuna aja atamva zonsezi anabwerera ndi ndalama zao. Ena anang'ung'udza, chifukwa chaka chimenecho anayendabe ndi thirakitala pamseu, ndipo minda ina yakutali anaikana. Koma atakolola anaonjeza ndalama, nagula ngolo ya makilogalamu 3,500, ya matayala anai ndi mabuleki ache, yosakongola konse, ndipo inatsika Khwekhwerere ndi kukweranso popanda choopsa.

Tsono inu amai, ndalama zimenezi nzanunso, pakuti munapalira nao fodya ndi mtedza. Bambo akabwera ndi mau akuti wapeza ngolo yotchipa, mumfunse mwaulemu mafunso atatu: Kodi zonse pamodzi zilemera bwanji? Kodi iri ndi mabuleki? Kodi galimoto yokoka iloledwa kulemera kumeneko? Akalephera kuyankha, ndalama ziyambe zagona m'nyumba. Ndipo inu makolo nonse, musalole mwana kapena munthu aliyense kukwera pa ngolo yosenza thirakitala, ngakhale ulendo ukhale waufupi wotani. Tsalani bwino, ndipo mvula ikugwereni yabwino.